A Chofiira a pa Mlatho Wakale

A Chofiira sanabadwe ndi mphamvu iliyonse, ndipo mlatho wa panyanja ukanapanda kukalamba, bwenzi atafa osaimitsapo ngakhale njinga. Ali mnyamata ankafuna upolisi. Sikuti ankadana ndi akuba ayi, ankangosirira mmene wapolisi amakwezera dzanja galimoto n'kuima. Atakayesa, anawabweza pa msinkhu. Anayesa ukondakitala, anawachotsa chifukwa chokangana ndi okwera. Anakhalaponso mlonda pa sitolo ya matayala, koma mlonda alibe munthu womukalipira, ndiye ntchitoyo inawatopetsa. Anali munthu wamfupi, wa khosi lonenepa, woyenda chotukula chifuwa ngati wanyamula uthenga wa boma, chonsecho m'thumba muli chipeso chokha.

Mwayi wawo unabwera ndi dzimbiri. Mlathowo unali wautali, wodutsa pamene nyanja inachepa, ndipo unamangidwa kale malole asanakule chonchi. Zitsulo zinadyeka, simenti ya m'mizati inayamba kugumuka, moti lole yolemera ikamadutsa woyenda pansi ankamva kunjenjemera m'mawondo. A zamisewu anabwera ndi zipewa zawo zoyera, anagogoda apa ndi apo, n'kulamula kuti magalimoto azidutsa a mbali imodzi panthawi, ndipo lole ikalowa, ina isalowe mpaka yoyambayo itatuluka. Ati zakanthawi chabe, mlatho watsopano uli m'njira. Analemba anthu awiri, wina tsidya lino wina tsidya linalo, aliyense n'kumupatsa wailesi ya m'manja, jekete yowala ndi timbendera tiwiri, kofiira koimitsira ndi kobiriwira kololezera. Tsiku loyamba ntchito, mwana wawo wamkazi anali kumsana kwa amayi ake. Zakanthawizo zinafika poti mwanayo anakula mpaka kukwatiwa.

Mnzawo wa tsidya linalo ankagwira ntchitoyo monga ntchito: kuimitsa, kuloleza, kuweruka, kukagona. Koma akuluwa anapeza ufumu. Kambendera kobiriwira sikanakhalitse pa ndodo. Anakazula n'kumapukutira nsapato ndi mpando wa m'kanyumba kawo ka malata. Pololeza galimoto ankangotukula chibwano pang'ono, osayang'ana n'komwe, ngati akupatsa wopempha zotsala. Kofiira ndiye ankakachapa okha, kukasita, kukapinda m'makona. Chikhalirenicho dzina lawo lenileni linafera m'mapepala a malipiro, aliyense n'kumangoti a Chofiira.

Anali ndi malamulo awo amene sanalembedwe paliponse. Dalaivala woliza hutala, pambali. Woyang'ana wotchi iwo akuona, pambali. Wopereka moni galasi lili lotseka, pambali, ena adutse kaye. Wa tsidya linalo ankachita kukuwa pa wailesi kuti, "Akulu, mlatho uli mbee, tumizani anthuwo," iwo n'kuyankha mosafulumira kuti, "Ndikuona kaye zinthu." Zinthu zake ziti? Munthu sankadziwa n'komwe kusiyana kwa bawuti ndi msomali.

Popeza magalimoto ankaima nthawi yaitali, pamalopo panamera msika. Amayi a nthochi, a mazira owiritsa, a madzi ozizira, ndi bambo wina womata matayala, onsewa ankadyera dzanja la a Chofiira, chifukwa mzere ukatalika malonda ankayenda. Ndiye ankawapembedza. "Mwadzuka bwanji bwana?" "Bwana, nthochi iyi ndi yanu." Iwo ankati ndi chikondi. Akatembenuka, amayi omwewo ankatukulirana zibwano powayeserera, n'kumafa ndi phwete. Akazi awo nawo anali ndi kashedi ka tiyi pomwepo, mabenchi awiri ndi ketulo yakuda, ndipo anthu ankangowatchula kuti Mayi a Tiyi. Anali munthu wosalankhulalankhula, woti anazolowera kudikira, pakuti ngakhale kunyumba chakudya chinkazizira pa tebulo mpaka abambo atatukula chibwano.

Mkamwini anamubweretsa okha ndi kansalu kawo komweko. Anali dalaivala wa lole ya matabwa, wamtali, wofatsa, amene tsiku lina analiza hutala kamodzi kokha pothamangitsa mbuzi. A Chofiira anati waliza iwo. Kuyambira pamenepo, lole ya matabwa ikafika, pambali. Nanga munthu woimitsidwa theka la tsiku apite kuti? Ankakakhala pa benchi ya Mayi a Tiyi, ndipo wothira tiyi anali mwana wamkazi uja, tsopano ali namwali. Abambo ali kalikiliki kulanga munthu, munthuyo ali pheee pa benchi kuwatengera mwana. Atazindikira, zinali zitapsa kale. Anakana, anatukwana, anati mwana wa munthu wa boma sangakwatiwe ndi wonyamula matabwa, koma ukwati unachitika, ndipo awiriwo anakakhala tsidya linalo.

Tsiku limene linawononga zonse linali la m'nyengo yotentha, phula likuchita kumata nsapato. Mwana wamkaziyo anali atangochira kumene, ndipo anakwera lole ya mwamuna wake ndi khanda lake kuti agogo akaone mdzukulu. Anawoloka, anatsitsa matabwa m'tauni, ndipo pobwerera anafika pa mzere. Nthawiyo mzere unali ukuyenda, kumbuyo kuli magalimoto ambirimbiri, ndiye mkamwini anangotsitsa galasi, n'kuvula kapusi.

"Muli bwanji apongozi? Tiwoloke kaye mpata ulipo, kapena tiime mumuone mwanayu?"

A Chofiira anamva mbali imodzi yokha, yakuti mkamwini wawapatsa moni atakhala pa mpando, pamwamba, iwo ali pansi, amayi a nthochi akuona. Kansalu kanakwera.

"Pambali."

Mkamwini anakhotera pambali, anatsika, anapereka moni wabwinobwino. Mayi a Tiyi anathamanga kudzalandira khanda, kulinyamula, kuliseketsa. Agogo aamunawo sanalicheukire. Nthawi yobwerera itakwana, kansalu kanali chikwezekere pa lole ya matabwa yokha. Mabasi anadutsa, malole a simenti anadutsa, ngolo ya ng'ombe inadutsa. Dzuwa linafika paliwombo, kashedi ka malata kakuotcha ngati uvuni, khanda linalira mpaka mawu kutha, thupi lonse litatuluka zidzolo. Pamenepo mwana wamkazi uja anapita pakati pa msewu, nagwada pa phula lotenthalo, pamaso pa msika wonse.

"Ababa, chonde. Mwanayu wapsa. Tiloleni tipite."

Munthu wamutu wake akanamva manyazi. Koma a Chofiira anayang'ana uku ndi uku, anaona kuti anthu onse maso ali pa iwo, ndipo mtima unawakoma.

"Pano palibe ababa. Pano pali ntchito."

Mwana wamkaziyo anadzuka, nasasa mawondo. A Chofiira anawaloleza dzuwa litapendeka, ndi chibwano chomwe chija. Kuchokera tsiku limenelo mwana wawoyo sanawatchulenso kuti ababa, sanapondenso pakhomo pawo, ndipo amayi ake ankawaonera pa kashedi.

Apa ndiye panagona uchitsiru wonse wa munthuyu. Mdzukuluyo ankamufuna, asanamize munthu. Kamtsikana kanakula kakuoneka ngati malemu amayi awo, mphumi ndi kayendedwe komwe, ndipo akakaona mtima unkawawawa. Koma kupepesa? Apepeserenji, poti njira inali imodzi yokha, ndipo njirayo inali m'manja mwawo? Lole ya matabwa ikafika ili ndi mayi ndi mwana, kansalu kankakwera, lole n'kuima, awiriwo n'kutsikira ku kashedi. Iwo ankaima chapatali, ngati akuyang'ana mzere, diso lili pa benchi. Anaona kamtsikanako kakukwawa, kakuyenda, kakugweruka mano, kakuvala yunifolomu, zonsezo pa mtunda woti munthu akhoza kuponya mwala. Akakhuta kuyang'ana, ankatukula chibwano.

"Abambo, mwana wanu mukamupepese," ankatero Mayi a Tiyi akamatsuka makapu madzulo. "Mawu amodzi okha. Sadzakuthyolani khosi."

"Ndikapepese chiyani? Kodi sindiwaona? Sabata iliyonse amaima pamaso panga."

"Amaima pamaso pa kansalu."

"Amayi, kansaluko kali m'dzanja la ndani?"

Tsiku lina kamtsikana kanafunsa agogo ake, kakupemerera tiyi m'sosala, kuti abambo a kansalu aja amatiyang'anitsitsa chifukwa chiyani. Mayi a Tiyi anakawauza amuna awo mawu amenewo osachotsapo kanthu, poganiza kuti mwina awalasa. Anawalasadi, moti chakudya sanachimalize. Koma m'mawa mwake anadzuka, anasita kansalu, n'kupita ku ntchito.

Kenako chimene anthu anasiya kuchikhulupirira chinachitika. Kunabwera kontirakitala, anamanga mpanda wa malata pafupi ndi mlatho wakale, n'kutsitsira m'madzi zombo zathyathyathya zonyamula makina. Chimakina china chinkakhomera mizati pansi pa nyanja tsiku lonse, gu, gu, gu, makapu a Mayi a Tiyi n'kumavina pa shelefu. Mizati inatuluka m'madzi umodziumodzi, yonenepa, yoyera. Makina aatali ananyamula zitsulo n'kuziyala pamwamba pake. Mlatho watsopano unkakula moonekera, wotakata woti malole anayi n'kuyenda mogundizana mapewa, ndipo ngakhale mwana ankatha kuona kuti pamenepo sipadzafunika munthu woimitsa magalimoto.

Ntchitoyo inatenga zaka, ndipo zaka zonsezo zinali mpata woti munthu akwere basi, awoloke, akagogode pakhomo pa mwana wake. A Chofiira anazigwiritsa ntchito potsata kapitawo wa kontirakitala. Kapitawo akamapita kukadya, iwo ali pambuyo. Akamatuluka m'chimbudzi, iwo ali pakhomo.

"Bwana, mlatho waukulu chonchi ufunika munthu wozolowera. Ine magalimoto a msewu uno ndimawadziwa ndi mtima womwe."

"Tiona, madala," ankatero kapitawo, maso ali pa foni.

"Tiona" ameneyo anamutenga n'kukamufalitsa pa msika ngati kalata yowakweza pa ntchito. Ati pa mlatho watsopano adzakhala wamkulu wa oimitsa onse, adzakhala ndi ofesi ya magalasi. Anagula nsalu yofiira yatsopano, anakasoketsa m'mphepete kwa telala. Amayi a nthochi ankavomera kuti, "Zoona bwana, nanga angaike ndani," uku akufufuza kale malo ku depoti ya mabasi.

Tsiku lotsegulira kunali matenti, mipando ya pulasitiki ndi zolankhula zosatha. Akuluakulu amene analonjeza mlathowu tsitsi lawo lili lakuda anatumiza ana awo kudzadula riboni. A Chofiira anavala jekete yowala yochapa bwino, anaima pafupi ndi tenti kudikira kuitanidwa. Anawaitanadi. Kalaliki wa zamisewu anawakokera kuseri kwa galimoto, nawauza kuti abweze wailesi ndi jekete, zikomo kwambiri chifukwa cha ntchito. Za kambendera sanafunse. Angafunse chiyani, kansanza ka pa ndodo ya tsache? Polowera mlatho wakale anaikapo migolo yodzaza simenti, ndipo madzulo ake magalimoto anali akuuluka pa watsopano, fyuu, fyuu, palibe ngakhale woponda buleki.

Msika unatha ngati madzi a m'beseni lobooka. Womata matayala anapita, amayi a mazira anapita, ndipo amene ankati bwana anayamba kuti, "Madala, tapatukani tidutse." A Chofiira ankadzukabe m'mamawa, kuvala, kukakhala m'kanyumba ka malata kaja, kuyang'ana mlatho wakale umene anthu a makina anali atayamba kuuphwasula kuchokera pakati. Lole ya matabwa ankaiona ikudutsa pamwamba, patali, ndipo nthawi zina pa windo pankaoneka kamutu kakang'ono. Miyezi inapita. Munthu anaonda, khosi lija linatha, kolala n'kumalendewera. Usiku ankatembenukatembenuka, koma ukawafunsa ankati ndi udzudzu.

Amene anakonza zinthu ndi Mayi a Tiyi, pa foni, pang'onopang'ono, mmene amayi amachitira. Tsiku lina ataika chakudya pa tebulo, sanadikire chibwano. Anakhala pansi n'kuyamba kulankhula.

"Mwana wanu wati mawa adutsa, onse atatu. Potsika mlatho pali malo aja opumira magalimoto. Wati mukakaima pamenepo, adzaima, mudzamugwire dzanja mdzukulu wanu."

A Chofiira anadzutsa mutu. "Watero?"

"Watero. Koma wati chinthu chimodzi. Mukaime manja opanda kanthu. Mukangokweza dzanja ngati munthu aliyense woimitsa galimoto. Akakaona kansalu, basi, musadzamufunenso. Mwamva, abambo?"

"Ndamva. Kodi ndine mwana?"

Mayi a Tiyi ankawadziwa amuna awo, ndiye kambendera anakabisa kuseri kwa kabati. M'mawa anapita kukagula nthochi ndi mabisiketi a mdzukulu. Atabwerako anasuzumira kuseri kuja, anaona ndodo ili pomwepo, mtima unakhala pansi. Sanaikoke kuti aone kunsonga. Kansalu kanali katazulidwa kale, kali m'thumba la jekete ya suti, kopindidwa m'makona. A Chofiira anadziuza kuti ndi kopukutira thukuta basi, nanga kunja kukutentha chonchi.

Anakaima pa malo aja dzuwa likukwera, amayi atanyamula jumbo, abambo atapesa tsitsi lotsalalo. Aka kanali koyamba kuima m'mbali mwa msewu opanda jekete yowala, ndipo anadzimva ngati atuluka m'bafa osavala. Magalimoto ankadutsa ndi mphepo yokankha munthu. Palibe dalaivala anawayang'ana. Kondakitala wina anatulutsa mutu pa windo la minibasi n'kukuwa kuti, "A Chofiira, tiimitseni tione!" Okwera onse anaseka, minibasi n'kupita.

"Musawamvere," anatero Mayi a Tiyi. "Iyo ikubwera apo."

Inalidi lole ya matabwa, ikutsika mlatho, yodzaza mpaka pamwamba. Indiketa ya mbali yawo inayamba kuphethira. A Chofiira anakweza dzanja. Linali dzanja chabe, laling'ono, la munthu wokalamba, ndipo iwo eni ataliyang'ana sanalikhulupirire. Moyo wawo wonse panalibe galimoto inaimapo chifukwa cha dzanja limenelo. Lole yolemera pa mtsetse siima ngati njinga, imabwera ikufwenkha mabuleki pang'onopang'ono, ndipo munthu amene anakhala pa msewu zaka zonsezo anayenera kudziwa zimenezo. Koma iwo anaona kuti siikuchepetsa mokwanira. Idutsa. Awanamiza, akufuna kuwaseka ngati kondakitala uja. Dzanja linatsika lokha n'kulowa m'thumba.

"Abambo," anatero Mayi a Tiyi.

Anali ataponda kale phula, chifuwa chili patsogolo, kansalu kofiira katatambasuka m'mwamba, mmene ankachitira masiku onse.

Lole inali itafika pafupi moti nkhope zinkaoneka. Mkamwini anayang'ana mkazi wake. Mkaziyo anali atatsitsa kale galasi, atanyamula mwana pamiyendo kuti aone bwino. Anawayang'ana abambo ake, osakwiya n'komwe, n'kuyamba kukweza galasi lija. Indiketa inazima. Injini inabangula, lole inabwerera pakati pa msewu, n'kudutsa ndi fungo la matabwa aawisi. Kamtsikana kanatembenuka kuyang'ana m'mbuyo mpaka pa kona.

A Chofiira anatsala ataimika kansalu pa msewu wopanda kanthu.

"Mwaona? Mwaona mwano wake?" anatero. "Ndinadziwa ine kuti saima."

Mayi a Tiyi anayang'ana kansaluko, anayang'ana mwini wake kuyambira ku nsapato mpaka ku tsitsi lopesalo, ndipo m'maso mwawo munalibe ngakhale chisoni. Anamanga bwino jumbo, anayang'ana uku ndi uku, n'kuwoloka msewu kupita mbali ya magalimoto olowera pa mlatho.

"Amayi, mukupita kuti?"

"Tsidya. Akandipeza pakhomo pawo pobwerera. Nthochizi zisaole."

"Mubwera liti? Tadikirani kaye."

"Ndadikira mokwanira, abambo."

Minibasi inatulukira pa kona. Mayi a Tiyi anakweza dzanja, dzanja lokha, lakuda ndi mwaye wa ketulo, ndipo minibasiyo inaima pomwepo.